Pulogalamu yoyendetsera bizinesi muno mu Harare: yalendi, yaulere, yolembetsa kapena kungokhala pa Excel?

Mwezi wathawu titatuluka mumsonkhano wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose, amayi ena amene ali ndi golosale ku Glen View ndi ina m'tauni adandikokera pambali pafupi ndi geti. "Achimwene, inu ndinu a makompyuta, tandiuzani zoona. Kushopu kwabwera anyamata atatu, aliyense akuti pulogalamu yake ndiye yeniyeni. Nanga ine ndigwire iti?" Funso limeneli limandipeza kutchalitchi, pamaliro, ngakhale m'kombi. Ndiye ndati ndiliyankhe kamodzi bwinobwino.

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu n'kumawagulitsa kwa amalonda ang'onoang'ono muno mu Harare. Choncho dziwirenitu kuti imodzi mwa njira zimene ndikambezi ndiyo imandidyetsa. Ndiiyeza ndi muyezo womwewo umene ndiyezere zinazo.

Mmene malonda a mapulogalamu akuyendera

Kale pulogalamu inkagulidwa ngati njinga: walipira, wanyamula, ndi yako mpaka idzathe. Makampani akuluakulu adachoka kumeneko. Adobe idasiya kutulutsa mapulogalamu ake akuluakulu ogula kamodzi mu 2013 n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Microsoft imakokera anthu ku Microsoft 365, Intuit ku QuickBooks Online. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pulogalamu ikalembedwa kamodzi, kuipereka kwa kasitomala wachiwiri kapena wa nambala 10,000 sikudya ndalama yeniyeni. Ndiye kampani imatha kukulowetsani motchipa, mwina mwezi woyamba ulere, podziwa kuti phindu lake lili kutsogolo, pamene mndandanda wa katundu wanu, mayina a makasitomala ndi ngongole za zaka zitatu zili m'kati mwake, ndipo kusamuka kwasanduka chintchito. Pakhomo lolowera ogulitsa amalimbirana ngati oitanira makombi pa Copacabana. Pakhomo lotulukira simupezapo munthu. Musaganize kuti khalidweli ndi la makampani a ku America okha ayi. Ife ang'onoang'ono a muno timachitanso zomwezo, ena mwadala, ena chifukwa chosalongosola ntchito.

Kuno tili ndi phunziro lathulathu. Strive Masiyiwa adalimbana m'makhoti pafupifupi zaka zisanu kuti aloledwe kupikisana ndi PTC, imene inkayendetsa yokha matelefoni, mpaka kampani yake ya Econet idayamba ntchito mu 1998. Mu 2011 kudabwera EcoCash, njira ya Econet yolipirira ndi kutumizira ndalama pafoni, ndipo idakula mpaka aliyense wolemba pulogalamu ya malonda amayenera kuiganizira. Wolimbana ndi chimphona dzulo ndiye chimphona cha lero. Kubwera kwa InnBucks ndi njira zina zolipirira kudathandiza ogula chifukwa munthu tsopano ali ndi kothawira. Pa pulogalamu yanu, kothawirako muyenera kudzikonzera nokha musanalipire.

Miyezo yake

Njira iliyonse ndiiona pa zinthu zinayi.

Mtengo: osati wa lero wokha. Werengerani zaka zitatu, muphatikize data, kompyuta, batire, wophunzitsa antchito ndi wokonza.

Kupezeka kwake: kodi ikafa Lachisanu madzulo kumapeto kwa mwezi, alipo munthu mu Harare amene angakwere kombi n'kubwera?

Kusamalira: ndani azisintha zinthu malamulo akasintha? Kuno amasintha pafupipafupi. ZiG, ndalama yatsopano ya Zimbabwe, idabwera mu April 2024, ndipo kumapeto kwa September chaka chomwecho idatsitsidwa mphamvu tsiku limodzi kuchoka pafupifupi pa 14 kufika cha m'ma 24 pa dola imodzi ya ku America. Pulogalamu yosatha kusunga ndalama zamitundu iwiri, n'kulola kuti musinthe mtengo wosinthira m'mawa uliwonse, idzakunamizani phindu. Ngati mudalembetsa msonkho wa VAT, palinso ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, limene limafuna kuti malonda anu azifika kumakina ake a FDMS ndipo risiti izituluka ndi QR code.

Zoopsa zake: magetsi a ZESA akazima kapena netiweki ikagwa, kodi mugulitsabe? Ndipo mukafuna kuchoka, zolemba zanu mudzazitenga bwanji? Funso lomalizali ndilo lalikulu kwa ine kuposa ena onse.

Njira yoyamba: Excel, Google Sheets ndi mapulogalamu a pafoni

Mtengo: wochepa kwambiri. Google Sheets ndi yaulere, LibreOffice ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, WhatsApp Business ndi yaulere. Palinso mapulogalamu a pafoni ogulitsira pakauntala, monga Loyverse, amene mbali yake yoyambira salipiritsa.

Kupezeka kwake: mwana aliyense amene adafika kukoleji akhoza kukuyalirani tebulo la katundu ndi malonda madzulo amodzi.

Kusamalira: zonse zili pa inu. Mukapanda kulemba, palibe chikukumbutsani.

Zoopsa zake: aliyense wogwira fayilo akhoza kusintha nambala osasiya phazi. Wantchito akafufuta mzere umodzi, katoni ya mafuta ophikira yasowa popanda umboni. Koma pa nkhani ya kothawira, njira iyi imaposa zonse, chifukwa pulogalamu iliyonse imene mudzagule m'tsogolo imatha kuwerenga fayilo ya Excel. Anthu amainyoza, koma ambiri amene amabwera kwa ine akufuna zazikulu ndimawabweza kuti akayambe apa kaye.

Njira yachiwiri: mapulogalamu alendi ochokera kunja

Apa ndikunena QuickBooks Online ya ku America, Xero ya ku New Zealand, Zoho Books ya ku India, ndi Sage, imene idagula kampani ya ku South Africa yopanga Pastel mu 2003. Pastel ndiyo akauntanti ambiri a kuno adakulira nayo.

Mtengo: umaoneka waung'ono chifukwa amautchula pamwezi. Tingoyerekeza kuti mukulipira madola 30 pamwezi. Pazaka zitatu ndi madola 1,080, ndipo pamapeto pake mulibe chimene mungati n'changa, monga mmene zilili ndi nyumba yalendi. Onaninso bwino kuti kusunga ndalama zamitundu ingapo nthawi zambiri sikupezeka pa mtengo wotsikitsitsa umene amaika pachikwangwani, kumakhala pa gawo lokwererapo, pomwe ife kuno ndi chinthu choyamba chimene timafuna. Kulipira kwake kumafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola, ndipo banki imadulapo zake.

Kupezeka kwake: akauntanti odziwa Sage ndi QuickBooks ndi ambiri mu Harare, ndipo ichi ndi chinthu chamtengo wapatali. Wina akakukhumudwitsani, mawa mupeza wina amene atsegule mabuku anu n'kuwamva nthawi yomweyo. Koma eni pulogalamuwo ali kutali. Mukakhala ndi vuto mumalemba uthenga n'kudikira.

Kusamalira: apa ndiye amapambana, ndipo ndiyenera kuvomereza ngakhale ndi opikisana nane. Amakonza okha zolakwika, amasunga okha zolemba zanu m'maseva awo, makompyuta akuluakulu osungira zinthu pa intaneti, ndipo ali ndi akatswiri a chitetezo amene kampani ngati yanga singawakwanitse kulipira. Moto utapsereza Mbare Musika mu October 2024, amalonda amene ankasunga makope a ngongole pabenchi adataya katundu pamodzi ndi umboni wa amene adawakongola. Ku Glen View Area 8, kwa opala mipando, moto wabwerako kangapo. Wosunga zolemba pa intaneti moto sumufika pamenepo.

Zoopsa zake: zilipo zitatu. Choyamba, zambiri mwa izi zimafuna intaneti nthawi zonse. Starlink idayamba kugwira ntchito kuno mu 2024 ndipo idakankha makampani ena kuti atsitse mitengo, komabe magetsi akazima router, kachipangizo kogawa intaneti, imazimanso ngati mulibe sola kapena batire. Chachiwiri, Zimbabwe ndi msika waung'ono kwa iwo. Lamulo la ZIMRA likasintha sathamangira ife, ndiye kuti mulumikizane ndi FDMS mumafunanso wogulitsa wina wa kuno wovomerezeka ndi ZIMRA, ndi ndalama yakenso. Chachitatu, akakweza mtengo simukambirana nawo. Musanalembetse, yesani kutulutsa zolemba zanu zonse m'mwezi waulerewo, muone ngati zikutuluka zathunthu, ndi mbiri ya malonda yomwe, osati mayina a katundu okha.

Njira yachitatu: mapulogalamu otseguka kwa aliyense

Awa ndi mapulogalamu amene eni ake adalola kuti aliyense awatenge, awaone m'kati ndi kuwasintha. Odziwika pa malonda ndi Odoo ya ku Belgium, imene Fabien Pinckaers adaiyamba mu 2005, ndi ERPNext ya kampani ya Frappe ya ku Mumbai.

Mtengo: laisensi ndi yaulere, koma mawu akuti ulere apa asakunyengeni. Zili ngati mwapatsidwa puloti: malo ndi anu, koma njerwa, simenti ndi mmisiri ndi zanu. Mulipira woikhazikitsa, wolowetsa katundu wanu, wophunzitsa antchito, ndi seva yoisungirapo. Odoo ili pawiri, yaulere ndi yolipira, ndipo zina mwa zimene wogulitsa angakuonetseni pa laputopu yake zili m'gawo lolipiralo. Mufunseni mosabisa kuti akukuonetsani iti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kupezeka kwake: odziwa Odoo akuchuluka mu Harare, odziwa ERPNext ndi ocheperapo. Ubwino wake ndi wakuti wodziwayo sayenera kukhala wa muno yekha. Wa ku Lilongwe, wa ku Nairobi, ngakhale wa ku India akhoza kulowa pa intaneti n'kukonza.

Kusamalira: mpofunika munthu wokhazikika. Odoo imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse, ndipo ngati mmisiri wanu adasintha zambiri m'kati, kusamukira ku mtundu watsopanowo kumasanduka ntchito yolipiranso. Langizo langa n'lakuti musinthe zochepa. Ndi bwino bizinesi izolowere pulogalamu m'zinthu zazing'ono kusiyana n'kupinda pulogalamu yonse kuti itsate chizolowezi cha kalaliki mmodzi.

Zoopsa zake: ndi yaikulu kuposa zimene shopu yaing'ono imafuna, ndipo antchito akasokonezeka amabwerera kukope mwakachetechete. Seva ikakhala mushopu momwemo popanda kope lina losungidwa kwina, wakuba akanyamula kompyutayo wanyamula bizinesi yonse. Koma pa kothawira, njira iyi ndi yolimba: zolemba zili m'manja mwanu, pulogalamu ili m'manja mwanu, ndipo mmisiri akakuvutani mumamusintha osasintha pulogalamu.

Njira yachinayi: kulembetsa yanuyanu kwa mmisiri wa kuno

Iyi ndiyo ntchito yanga, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Mtengo: waukulu poyamba, ndipo kawirikawiri umapitirira umene mudagwirizana, chifukwa mwini bizinesi amakumbukira zina ntchito ili pakati. Wina akakuuzani kuti akulemberani pulogalamu yonse ya shopu m'masabata awiri pa mtengo wa foni yakale, dziwani kuti mwina akukugulitsani ya munthu wina atangosintha dzina, kapena adzathawa ntchito isanathe.

Kupezeka kwake: achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu alipo ambiri, ochokera ku University of Zimbabwe, ku Harare Institute of Technology, ku NUST ya ku Bulawayo, ndi ena odziphunzira okha amene ndi aluso zedi. Vuto si kumupeza, vuto ndi kumusunga. Amene ali waluso kwambiri amapeza ntchito kunja kapena amayamba kugwirira makampani a ku Ulaya ali m'nyumba mwake, ndipo shopu ya ku Highfield singapikisane ndi malipiro amenewo. Sindiwadzudzula. Nawonso ali ndi makolo owayang'anira.

Kusamalira: ubwino wake uli apa. ZiG itabwera, ife a muno tidakonza mapulogalamu athu m'masiku ochepa chifukwa nafenso tinkagula buledi ndi ndalama yomweyo. Mmisiri wa kuno amadziwa kuti kasitomala mmodzi amalipira theka ndi madola, theka pa EcoCash, chenji n'kutenga maswiti. Amadziwa kuti pulogalamu iyenera kugulitsa popanda netiweki n'kudzatumiza zonse ikabwera. Zoterezi kampani ya ku California singaziganizire.

Zoopsa zake: zonse zimapachikika pa munthu mmodzi. Chaka chatha ndidaitanidwa ku kampani ina yogulitsa zipangizo za galimoto. Adanditsogolera kuseri kwa kauntala, pansi pa shelefu ya mafyuluta, pomwe panali kompyuta yodzaza fumbi, fani yake ikulira ngati chigayo. Pulogalamu yawo idali mmenemo, yolembedwa ndi mnyamata amene adapita ku Johannesburg, nambala yake siinkagwiranso. Panalibe pepala la mgwirizano, panalibe password ya mwini, panalibe source code, amene ndi malemba enieni omwe pulogalamu imamangidwira. Inkagwira ntchito, koma panalibe woisintha ngakhale mtengo wa msonkho. Bambo mwini wake adangoti, "Ndiye titani, amwene?" Tidakhala milungu itatu, mwana wawo akuwerenga pa sikirini, ine ndikulemba katundu mmodzimmodzi m'pulogalamu yatsopano.

Ndiye ngati mwasankha njira iyi, kaya ndi ine kaya ndi wina, izi zilembedwe papepala musanapereke dipoziti: source code idzaperekedwa kwa inu, ma password onse a seva adzakhala m'dzina lanu, padzakhala batani lotulutsira zolemba zonse ku Excel nthawi iliyonse, ndipo mtengo wokonzera pachaka utchulidwiretu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mmisiri akayamba kuzembazemba pa mfundo zimenezi, ameneyo akumanga mpanda wokutsekerani. Ine ndidataya makasitomala awiri chifukwa cha batani lotulukiralo, adalidina n'kupita kwa opikisana nane. Ndimaliikabe, chifukwa kasitomala wokhala nane kaamba kosowa potulukira sanganditumizire mnzake.

Njira yachisanu: pulogalamu yobedwa

Sindikadaitchula, koma ndiyo yafala kwambiri, ndiye tiikambe.

Mtengo: madola ochepa kwa mnyamata wa flash m'tauni. Kupezeka kwake: paliponse pogulitsa malaputopu akale. Kusamalira: kulibe, chifukwa ukangoilola kuti idzikonze pa intaneti imadzitseka.

Zoopsa zake ndidaziona kwa amalume anga amene amagulitsa zitsulo ndi mabawuti ku Magaba. M'mawa wina adandiimbira: "Mphwanga, tabwera udzaone, kompyuta ikulankhula zachilendo." Nditafika ndidapeza mafayilo onse asintha mayina, pa sikirini pali uthenga wofuna ndalama kuti awatsegule. Kachirombo kadalowera m'pulogalamu yobedwayo. M'kati mudali ngongole za amisiri omanga nyumba za chaka chathunthu. Amalume adatenga kope la ana asukulu, nakhala pa ndowa yovundikira, n'kuyamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuwafunsa kuti adatenga zingati. Oona mtima adanena. Ena adati adabweza kale. Kuwonjezera apo n'kuphwanya lamulo, komanso Microsoft idasiya kuteteza Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe malaputopu akale ambiri ogulidwa m'tauni ali pa Windows yomweyo kapena yakale kuposa apo. Ngati ndalama palibe, LibreOffice ilipo yaulere ndiponso yovomerezeka.

Tsono ndani atenge iti

Ngati muli ndi benchi kapena kashopu kamodzi, mumagulitsa nokha kapena ndi wachibale, ndipo simudalembetse VAT, khalani pa Google Sheets kapena pulogalamu yaulere ya pafoni. Ndalama ya pulogalamuyo onjezerani katundu.

Ngati ntchito yanu ndi ya muofesi, monga kukonza maulendo, kulondolera katundu pachipata cha Nyamapanda kapena uphungu, malisiti anu ndi ochepa pamwezi ndipo intaneti muli nayo yodalirika, tengani yalendi. Funsani kaye akauntanti wanu kuti amadziwa iti, mutenge yomweyo.

Ngati muli ndi mashopu atatu kapena kuposa, nyumba yosungira katundu, kapena mumapanga zinthu monga mipando ndi mawindo, Odoo kapena ERPNext ndiyo ikukwanani, bola mupeze mmisiri amene angakuonetseni mabizinesi awiri omwe adawaikira kale, mukalankhule ndi eni akewo iye palibe.

Kulembetsa yanuyanu n'koyenera pokhapokha ngati ntchito yanu ili ndi kayendedwe kamene mapulogalamu ogula sakadziwa. Bungwe la maliro ngati lathu, lotolera zopereka mwezi ndi mwezi m'ndalama ziwiri, ena akutumiza ali ku Blantyre kapena ku Cape Town, ndi chitsanzo chabwino. Sukulu ndi zipatala zazing'ono nazonso zimagwera apa, koma zikumbukire kuti lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene bungwe la boma loona za matelefoni la POTRAZ limayang'anira, limaika udindo wosunga chinsinsi cha anthu pa mwini bungwe, ndiye mmisiri wotchipa wosadziwa za chitetezo akhoza kukugwetserani m'mlandu.

Amayi a golosale aja ndidawauza kuti pa anyamata atatuwo asasankhe aliyense kaye. Vuto lawo lenileni lidali lakuti katundu amasowa pakati pa shopu ziwirizo, ndipo zimenezo pulogalamu ya pafoni yogulitsira pakauntala imazigwira, aliyense wogulitsa akakhala ndi nambala yake yolowera. Tidagwirizana kuti ayese miyezi itatu, Loweruka lililonse mwana wawo wamkazi azitulutsa zolemba zonse n'kuzitumiza ku imelo ya amayiwo. Akadzafika polembetsa VAT, adzaitane anyamata atatu aja tsiku limodzi, aliyense adzaonetse risiti ya QR code ikutuluka, adzagulitse chinthu router itazimitsidwa, kenako adzadine batani lotulutsira zolemba iwo akuona.